Zenera lalikulu laima, tinthu ting'onoting'ono tikuchuluka: kodi ndasokera?

Mayi wina wa ku Matawale, kuno ku Zomba, watilembera motere: "Ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo mwana wanga amene ali ku Johannesburg ananditumizira magalasi amitundu, chodulira, foil ya kopa (kariboni kopyapyala komata kokutira m'mphepete mwa galasi), flux (mankhwala opaka pa kopa kuti solder agwire) ndi solder (chitsulo chofewa chokhala ndi mtovu chimene amasungunula polumikiza zidutswa) kuti ndizipeza chochita. Chaka chatha ndinayamba chithunzi cha phiri la Zomba choti ndidzaike pa zenera la pabalaza, cha masentimita 90 m'litali ndi 60 m'lifupi, ndipo chili ndi zidutswa zoposa 100. Ndinadula pafupifupi theka, zina n'kuzikuta kale ndi foil, koma chidutswa cha mtambo wokuta nsonga ya phiri chinandiswekera katatu, ndiye ndinangoziika pambali. Kuyambira pamenepo ndimangopanga tinthu topachika pazenera, monga timasamba ndi timbalame, ndipo anzanga a kumpingo ayamba kutifuna. Kodi ndisiye tinthu timeneti kuti ndimalize ntchito yaikuluyo? Ndilinso ndi adzukulu awiri pakhomo, ndiye nkhani ya mtovu imandidetsa nkhawa."

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanuyi, ndipo mtima ukhale m'malo, simunasokere ayi. Pafupifupi aliyense amene wakhalitsa pa luso limeneli lolumikiza zidutswa za magalasi amitundu kukhala zithunzi amakhala ndi ntchito yaikulu yogona pa thabwa lake, kwinaku akupanga zing'onozing'ono pambali, ndipo chifukwa chake chili m'ntchito yeniyeniyo. Zenera lalikulu silikuonetsani kukongola kwake kufikira tsiku lomaliza, pamene mwawotcherera mbali zonse ziwiri n'kuliimika kuti dzuwa lipyole. Miyezi yonse ya m'mbuyomo mumangoona zidutswa zakuda bii zitagona chafufumimba pa pepala. Kambalame ka zidutswa zisanu mumakayamba m'mawa, madzulo kali pazenera kakuwala. Munthu amafuna kuona chimene manja ake apanga, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Choncho sindikuuzani kuti musiye tinthu tating'onoto. Chimene ndikuuzeni n'choti muzitisankha mwadala, kuti kalikonse kazikuphunzitsani chinthu chimene zenera lalikululo likufuna kwa inu.

Ndikawerenga kalata yanu, ndikuona kuti chimene chinakuimitsani si kutopa kapena ulesi, koma chidutswa chimodzi cha mtambo chija. Ndikuganiza kuti m'munsi mwake muli mokhota molowa m'kati, pamene mtambo ukukumbatira nsonga ya phiri, ndipo kudula kotereku n'kumene kumavuta koposa pa ntchito ya galasi. Chodulira chija sichidula galasi monga mpeni udulira nyama. Kagudumu kake kamangokanda mzere wosazama pamwamba, ndipo mukamathyola, mng'alu umatsata mzerewo chifukwa ndi pamene pafooka. Vuto n'lakuti mng'alu mwachibadwa umafuna kuyenda molunjika n'kutulukira m'mphepete mwapafupi, kotero kuti mukaupempha kuti ukhote kwambiri nthawi imodzi, umasiya mzere wanu n'kudutsa pakati pa chidutswa chimene mukuchifunacho. Njira yake ndi kusachotsa galasi lonselo kamodzi. Yambani mwakanda mzere weniweni wa mokhotamo pamene galasi likadali lalikulu, musanadule mbali zinazo, kuti likhale ndi mphamvu kumbuyo kwake. Kenaka kandani timizere tina tokhota pang'ono m'gawo lotayalo, kamodzi pambuyo pa kanzake, ndipo muzithyola kachigawo kamodzikamodzi ndi pulayazi, kuyambira kunja kulowera ku mzere wanu. Chotsalira mupale ndi mwala wonolera wonyowa, kapena makina opalira ngati muli nawo. Mzere uliwonse ukandidwe kamodzi kokha, ndi mphamvu yofanana kuyambira m'mphepete mpaka m'mphepete. Kubwereza pa mzere womwewo kumaononga kagudumu ndiponso kumasokoneza mng'alu. Kadontho ka palafini pa kagudumuko kamathandiza, ndipo muthyole nthawi yomweyo, osati kukanda lero n'kudzathyola mawa.

Palinso njira ina imene anthu oyamba kumene amaiona ngati kugonja, pamene kwa amisiri ndi nzeru wamba: sinthani chojambulacho. Ngati mokhotamo ndi mozama kwambiri, gawani mtambowo pawiri ndi mzere wochokera pansonga ya phiri kukwera m'mwamba, wopindika mofanana ndi mizere ina ya mitamboyo. Mukayang'anitsitsa zithunzi za mazenera a tchalitchi cha Chartres ku France, amene ambiri mwa iwo anapangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, mupeza mizere yambiri imene inaikidwa chifukwa galasi silikanalola kudulidwa mwanjira ina, ndipo palibe amene amaiona ngati chilema. Komanso chidutswa chokhala ndi khosi lowonda chimene mwachidula movutikira chimatha kudzasweka ndi kutentha powotcherera, kapena patapita chaka chili pazenera, ndiye ngakhale mutachigonjetsa patebulo chikhoza kudzakubwezerani.

Apa m'pamene tinthu tating'ono timagwira ntchito. Musanakhudzenso galasi la mtambolo, pitani kwa ogulitsa magalasi a mazenera m'tauni mukapemphe zidutswa zotsala za galasi loyera la mamilimita 3, zimene kawirikawiri amangotaya kapena kugulitsa motchipa, ndipo mudulepo mwezi wongooneka kumene, wowonda uja, kangapo konse mpaka dzanja lizolowere. Mukatero pangani kopachika ka mwezi ndi nyenyezi ndi galasi lamtundu. Kansomba kokhala ndi mchira wamphanda kakuphunzitsani zomwezo. Chenjezo limodzi pa zidutswa zotolazi: galasi lolimbitsidwa ndi moto, longa la m'mbali mwa galimoto kapena la zitseko zina, silidulika, limangophwanyika n'kukhala timiyala, ndipo magalasi ochindikala a mazenera otsekula ndi chogwirira aja amafuna foil yotambalala kuposa imene muli nayo.

Ngozi yeniyeni ya kupanga zazing'ono pambali pa yaikulu si nthawi ayi, koma galasi. Tsiku lina mudzafuna kachidutswa kobiriwira ka tsamba, mudzadula pakona pa galasi limene munasungira mitengo ya paini ya m'phirimo, ndipo pofika pomaliza zenera mudzapeza kuti laperewera. Kuitanitsa lina si kuti mwathana nazo, chifukwa galasi lamtundu umodzi lopangidwa nthawi zosiyana limatha kusiyana maonekedwe, ndipo kusiyanako kumaonekera poyera dzuwa likapyola. Ndiye lero lomwe patulani galasi lonse la zenera lalikulu, muonjezerepo lapadera losinthira zosweka, mulilembe ndi kuliimika chilili m'bokosi lakelake, mapepala kapena makatoni ali pakati. Tinthu tating'ono tizichokera m'zotsala zokha. Samalani makamaka lofiira, lalalanje ndi lapinki, pakuti ndi lokwera mtengo chifukwa cha zimene amasakanizamo popanga: pinki wabwino amachokera ku golide, pamene buluu amachokera ku chitsulo chotchedwa cobalt, imene pang'ono pokha imakwanira.

Za zidutswa zimene munazikuta kale ndi foil chaka chatha, kazitulutseni muzione. Kopa akakhala pamphepo amada, ndipo kuno kwathu kunsi kwa phiri, kumene chinyezi chimachuluka nyengo yonse ya mvula kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, amada msanga. Solder sagwira pa kopa wakuda. Amangogubuduzika timibulu, ndipo munthu amayamba kuthira flux wambiri ndi kukhalitsa chitsulo chowotcherera pamalo amodzi, zimene zimasungunula guluu wa foil kapena kung'alula galasi. Ngati foil yangoda koma ikadali yomatirira, ipukuteni mofatsa ndi steel wool yosalala kwambiri kufikira iwale. Ngati yayamba kumatuka m'mphepete kapena yachita zobiriwira, ichotseni, mutsuke guluu, mudzakute ina. Kuyambira tsopano dulani ndi kupala zidutswa zonse, muzilembe manambala, koma kukuta kudikire mpaka sabata imene mukudziwa kuti muwotcherera. Mpukutu wa foil womwe uzikhala m'pepala lapulasitiki lotseka bwino, kutali ndi dzuwa. Ndipo ngati mwagwiriziza zidutswa ndi timadontho ta solder n'kulekeza, musasiye flux atagona pamenepo, chifukwa ali ndi asidi amene amadya kopa, pukutani musanavundikire.

Pa tinthu timene mungamalize tsiku limodzi kapena awiri, topachika pazenera ndi tabwino, koma onetsetsani mmene mukuikira kolowekera. Ambiri amawotcherera kamphete ka waya pa foil ya m'mphepete chabe, ndipo pakapita miyezi, kutentha kwa pazenera kukafewetsa guluu, foil imasendeka ndipo chinthucho chimagwa. Kamphete kazikhala pamene mzere wa m'kati ukukumana ndi m'mphepete, miyendo ya wayayo italowa mumzeremo n'kukwiriridwa ndi solder. Kwa kanthu kolemerako, zungulizani waya wa kopa m'mphepete monse. Popachika gwiritsani ntchito katcheni, chifukwa ulusi wowedzera nsomba umafumbutuka ndi dzuwa. Kabokosi ka makona anayi kosungiramo singano kapena mabatani n'kothandiza kwambiri kwa inu, popeza kamakakamiza munthu kudula molunjika ndi mofanana, ndipo kusiyana kwa milimita imodzi kumaoneka nthawi yomweyo. Luso lomweli mudzalifuna pa zidutswa za m'malire mwa zenera lanu. Felemu ya kalilole ndi yokongola, koma flux akalowa kumbuyo amadya siliva n'kusiya madontho akuda, choncho pakani vanishi m'mphepete ndi kumbuyo musanakute. Zoikamo kandulo zikhale zotakasuka ndi zotsekula pamwamba, lawi lisayandikire galasi. Ndolo ndi mikanda ndingakonde kuti muzipewe pokhapokha mutapeza solder wopanda mtovu, chifukwa zimenezi zimakhudza khungu tsiku lonse ndipo ana amaziika m'kamwa.

Ubwino wina wa tinthu timeneti ndi woti timaphunzitsa dzanja kuwotcherera, ndipo mzere wosalala, wotumphuka pang'ono ngati msana wa mzere wa mbatata, sumabwera ndi kuwerenga ayi. Solder wa 60/40, kutanthauza magawo 60 a tin ndi 40 a mtovu, amasungunuka pa madigiri pafupifupi 190, ndipo amayenda bwino pa foil. Wa 50/50 amafuna kutentha koposerapo ndipo ndi wabwino kutsekera mipata. Musagule solder woonda wa okonza mawailesi uja, chifukwa ali ndi utomoni m'kati umene umasiya zomata pagalasi, ndipo chitsulo chawo chaching'onocho sichikwanira. Pamafunika cha mawati 80 mpaka 100. Pamene pavuta, musaumirire. Chokanipo, pazizire, mudzabwererenso.

Kuzimazima kwa magetsi, kumene tonse timadandaula nako, kumatha kukugawirani ntchito bwino lomwe. Kujambula, kudula, kupala ndi mwala ndiponso kukuta foil sizifuna magetsi, ndipo zimakoma masana pakhonde pamene kuwala kuli kokwanira. Magetsi akayaka, imeneyo ndi nthawi yowotcherera. Kanthu kakang'ono mukhoza kukamaliza m'maola awiri a magetsi, pamene zenera lalikulu lifuna masiku angapo, ndiye muliwotcherere chigawochigawo n'kumatsuka flux pa chigawo chilichonse chimene mwatha. Ena amafunsa za chitsulo chotenthetsa pambaula, chonga chimene amisiri okhoma ndowa amagwiritsa ntchito mumsika. Amisiri akale a mazenera ankagwiritsa ntchito chotere ndithu, koma pa mizere yaitali ya foil chimazizira msanga ndipo kutentha kwake n'kovuta kukuyeza, choncho sindingakulimbikitseni.

Tsopano za zenera lenilenilo, pakuti lili ndi zofuna zake zimene timbalame sitingakuphunzitseni. Choyamba ndi kukula mosayembekezera. Foil iliyonse imaonjezera pang'ono, ndipo pa zidutswa zoposa 100 pang'onopo pamasanduka mamilimita angapo, mpaka chithunzi chimakana kulowa m'felemu. Khomerani timatabwa towongoka pa thabwa lanu mozungulira chojambulacho, makona ake ali olunjika bwino, ndipo chidutswa chilichonse chizipalidwa kufikira chitakhala m'malo mwake mosakankha chinzake. Chachiwiri ndi kulemera. Galasi la mamilimita 3 limalemera pafupifupi makilogalamu 7.5 pa sikweya mita, ndiye lanulo likhala ndi makilogalamu 4 a galasi lokha, solder tisanamuwerengere. Kukula kumeneku kwafika pofuna kulimbitsa. Yang'anani ngati m'chojambula chanu muli mzere wowongoka wodutsa kuchokera mbali ina kukafika ina, monga pamene phiri likumana ndi munda kunsi kwake, chifukwa pamenepo ndi pamene chithunzi chidzapindikire. Upotozeni mzerewo, kapena muikemo kachingwe kopyapyala ka kopa kolimbitsira pakati pa zidutswa musanawotcherere. M'mphepete monse mukhale felemu yolimba ya zinc kapena ya matabwa. Potembenuza kuti muwotcherere kumbuyo, musanyamule ndi manja awiri chogona. Chikokereni m'mphepete mwa tebulo pamodzi ndi thabwa lake, muchiimike, muike thabwa lina mbali inayo, ndipo muchigoneke. Pamenepa itanani munthu wina wamkulu akuthandizeni.

Dziwaninso kuti njira ya foil, imene inatchuka ndi Louis Comfort Tiffany ku New York kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, makamaka pa zivundikiro za nyale za tizidutswa tambirimbiri, si imene imagwiritsidwa ntchito pa mazenera olimbana ndi mvula ndi mphepo. Mazenera a m'matchalitchi, monga lija la David Livingstone ku Livingstonia, kawirikawiri amamangidwa ndi timipanda ta mtovu tokhala ndi ngalande mbali zonse ziwiri, ndipo pomaliza amamata putty m'mipata kuti madzi asalowe. Choncho musachotse galasi limene lili pazenera lanu panopa. Chithunzicho chikhale m'kati, kumbuyo kwa galasi loyeralo, ndipo pasiyidwe mpata woti mpweya uziyenda kunsi ndi kumwamba, kuti chinyezi cha m'mawa chisamaunjikane pakati.

Pa kagawidwe ka nthawi, chimene ndaona chikuthandiza anthu ambiri ndi kupatsa ntchito yaikulu malo ake osasunthika. Ikhale pa thabwa lakelake limene mungalikankhire pansi pa bedi kapena pamwamba pa kabati n'kulitulutsa osasokoneza chilichonse, chifukwa ntchito imene imafuna theka la ola kuti muiyale imakhala yosayalidwa. Mukakhala patebulo, yambani ndi zidutswa ziwiri kapena zitatu za zenera pamene maso akadali akuthwa, ndipo kambalame kabwere pambuyo pake. Polekeza, siyani chidutswa chosavuta choti mudzayambire. Za anzanu a kumpingo, ndinene mosabisa kuti maoda ndi amene amapha mazenera aakulu kuposa china chilichonse. Mukavomera timbalame makumi awiri ta pa Khirisimasi, galasi lanu, foil yanu ndi maola anu a magetsi zonse zipita kumeneko. Landirani ochepa, muike mtengo wowerengera solder ndi foil zimene zimachokera kunja, ndipo ndalamayo igule zipangizo za zenera.

Nkhawa yanu ya mtovu ndi yoyenera, ndipo musaichepetse. Pa kutentha kwa chitsulo chowotcherera, utsi umene mumauona umachokera makamaka ku flux, ndipo umayabwa m'maso ndi pakhosi, choncho gwirani ntchito pakhonde kapena pafupi ndi zenera lotsekula, mphepo izichotsa utsiwo kumaso kwanu. Mtovu umalowa m'thupi kwambiri kudzera m'manja ndi m'fumbi: mwagwira solder, kenaka mwagwira chigumu kapena mwasenda nthochi. Musadye kapena kumwa tiyi pamalo a ntchito, musagwiritse ntchito tebulo lodyera kapena mbale za kukhitchini, sambani m'manja ndi sopo mpaka m'zikhadabo, ndipo chovala cha pantchito chizichapidwa pachokha. Pansi muzikolopa ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa, zimene zimatolanso tizidutswa ta galasi tobaya mapazi a ana oyenda opanda nsapato. Kwa ana aang'ono ngakhale mtovu wochepa umasokoneza kakulidwe ka ubongo, ndipo nthawi zambiri sipakhala chizindikiro chooneka msanga, ndiye adzukuluwo asamasewere pamalopo, zipangizo zizitsekeredwa, ndipo topachikato tikhale pamene sangafikire. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asawotcherere. Podula ndi pothyola valani magalasi oteteza maso, ndipo kupala kuzichitika galasi lili lonyowa.

Ngati mwana wameza kachidutswa ka solder kapena mwamupeza akutafuna chinthu chowotcherera, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukafotokoze kuti muli mtovu. Inunso mukamamva mutu kawirikawiri, kupweteka m'mimba, kudzimbidwa, kufooka kwa manja kapena kutopa kosadziwika bwino, kauzeni adokotala za ntchito imene mumagwira, ndipo mufunse za kuyezetsa mtovu m'magazi. Kachidutswa ka galasi kakalowa m'diso musatikite kapena kuyesa kukachotsa ndi nsalu. Phimbani disolo mopepuka muthamangire kuchipatala chachikulu. Flux akagwera m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15 musananyamuke. Bala lakuya, losasiya kutuluka magazi mutalipsinja, kapena lochititsa chala dzanzi, nalonso ndi la kuchipatala, ndipo mukafunsenso za katemera wa kafumbata. Pomaliza, tsiku lokweza chithunzicho pazenera muitane kalipentala wodziwa kuika magalasi, ayeze yekha malowo musanawotcherere malire, ndipo felemu aipange yosiya mpata wa mamilimita awiri kapena atatu mbali iliyonse, kuti thabwa likafufuma ndi mvula lisapanikize galasi.